Ndolo ya Kumanzere

Ndaimba nyimbo zambirimbiri pa moyo wanga, koma mukaimitsa munthu pamsewu n'kumufunsa, adzakutchulirani imodzi yokha. Ine ndine mayi uja wa "Siya Makiyi Patebulo". Dzina limene anandipatsa makolo anga linatsala pachiphaso. Kumsika, kubanki, ngakhale kwa dokotala wa mano, ndine Namakiyi. Dokotalayo anandiimbira kolasi yonse chitsulo chake chili m'kamwa mwanga, ndipo anaiphonya, koma ndikanamuuza bwanji?

Ndinayambira mu saluni. Ndinkaluka tsitsi uku ndikuimba, osati chifukwa chokonda luso, koma kuti makasitomala asamve m'mimba mwanga mukulira. Tsiku lina mkulu wina wa situdiyo anabwera kudzatenga mkazi wake, anandimva, n'kundiuza kuti ndikamuone. Nyimbo zanga zoyamba zinali za chikondi chokoma, za maluwa ndi mwezi, zinthu zimene m'banja mwanga munalibe. Anagula ndi azakhali anga komanso anthu ochepa amene analakwitsa kaseti. Kenako mwamuna wanga anapeza wina. Ndinapsa mtima, ndinapeka nyimbo ndikuchapa matewera, ndipo anthu anapenga nayo.

Inkalira m'minibasi, m'mabala, m'mashopu okonza mawailesi. Azimayi ankandikumbatira pamsewu misozi ili mbwembwembwe, kundiuza kuti athamangitsa amuna awo chifukwa cha ine. Ena mwa amunawo ankanditumizira mawu oti tidzakumana. Ndinakwera ndege, ndinagona m'mahotela a sopo wamng'ono ngati switi, nkhope yanga inakhala pakalendala ya kampani ya mafuta ophikira. Ndinkaganiza kuti anthu andikonda ine. Anakonda mkwiyo wanga wa sabata imodzi basi, ndipo ndakhala ndikuutenthetsa ngati ndiwo zogona kuyambira pamenepo.

Lero ndili ndi zaka zimene mkazi satchula, chiuno chofuna kuchinyengerera m'mawa, ndi kabati yodzaza mawigi. Palibe munthu wakunja anandionapo wopanda wigi, ngakhale wometa nsidze zanga. Ndimaimba pa maphwando a makampani, mabwana akutafuna nkhuku. Atsikana oimba a masiku ano amakwera pasiteji atavala kansalu kosakwana kupukutira mbale. Sindiwanyoza, nanenso ndinavalapo, zithunzi zilipo.

Bandi yanga ili ndi anthu atatu. Wamkulu wake ndi wa kiyibodi, amene timamutcha a Dazi. Tsitsi lawo linathothoka ine ndikuona, limodzilimodzi, ndipo iwo amati theka lake linathawa chifukwa cha ine. Pasiteji sitilankhulana ndi pakamwa, phokoso sililola. Tili ndi zizindikiro zathu. Ndikakweza manja onse awiri m'mwamba, zoimbira zimaleka kuti anthu aimbe okha. Ndikagwira ndolo ya khutu lakumanzere, ndiye kuti gulu lazizira, tikumira, siyani chilichonse chimene tikuimba muponye Makiyi. Chizindikiro chimenechi chatipulumutsa kambirimbiri. Nyimboyo ikangoyamba, ngakhale bwana wa dzino lowawa amadzuka.

Vuto lake ndi vesi yachiwiri. Kolasi aliyense amaidziwa:

*Siya makiyi patebulo,
chitseko ndikhoma ndekha.*

Koma vesi yachiwiri imati:

*Wandisiyira chiyani? Mwana wa mphuno yako,
ndikamuona m'mawa ndimati, ndinapusa ine.*

Mwana wa mphunoyo alipo, ndi wanga yekhayo. Pamene ndinkapeka mawuwa n'kuti iye akukwawa. Ndinkafuna chinthu chodzazira mzere, ndinatembenuka, ndinaona mphuno. Anakula nayo nyimboyo. Kusukulu anzake ankamuimbira akalowa m'kalasi, aphunzitsi ena ankamupenda nkhope kuti atsimikize. Ine n'kuti ndili m'maulendo, ndipo nthawi zambiri ankakhala kwa bambo ake ndi mayi ake omupeza, mzimayi yemwe uja ndinamuimbira vesi yachitatu. Mwana anakula wofatsa, wosavina, wogwira ntchito yoyeza magazi kuchipatala. Amandiyang'ana ngati mmene amayang'anira kabotolo kamene zotsatira zake akuzidziwa kale.

Anabwera kwanga masana ena ndikutsuka wigi m'beseni. Anakana tiyi. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamiyendo.

"Amayi, ndikukwatiwa."

"Ndi uja wa magalasi? Amalankhula koma?"

"Amalankhula akapatsidwa mpata."

Anandiuza za holo, za tsiku, za mtundu wa nsalu. Kenako anati apongozi ake aakazi ndi amene akukakamira kuti ine ndidzaimbe, chifukwa auza kale abale awo onse kuti mwana wawo akukwatira kwa Namakiyi.

"Ine ndikanakonda mudzangokhala pansi ngati amayi a anthu ena," anatero. "Koma mudzaimbe nyimbo imodzi. Imodzi, amayi. Osati ija."

"Iwe, ungandiphunzitse ntchito ine? Ndingaimbe nyimbo yothetsa banja pa ukwati?"

"Munaimba pa ukwati wa mwana wa azakhali."

"Anachita kupempha."

"Adzapemphanso." Anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa. "Ababa adzakhalapo, amayi ondipeza adzakhalapo, anzanga akuntchito adzakhalapo. Kumeneko sadziwa kuti mwana wa m'nyimbo uja ndine. Ndikadzamva vesi ija tsiku langa, musadzandifunefune. Kwathu simudzapondako, ndipo ana anga adzakudziwirani pawailesi ngati wina aliyense."

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanakalipa, chifukwa munthu wokalipa ndimadziwa pomugwira. Anatuluka n'kutseka chitseko bwinobwino, ine n'kutsala ndi wigi ikudontha m'manja ngati mphaka womira.

Ndinapeka nyimbo yatsopano, yodekha, ya mayi wotsanzika mwana wake. Ndinaikamo mbalame yochoka pachisa, ndinaikamo mvula, ndinaikamo chilichonse chimene anthu amaika. Pokonzekera mu galaja ya a Dazi, wa ng'oma anayasamula mpaka nsagwada zinalira.

"Achemwali, nyimboyi ndi yabwino," a Dazi anatero, "koma ndi ya maliro a ndani?"

"Tsekani pakamwa muziliza. Ndipo mvetserani nonse. Pa ukwati umenewu Makiyi kulibe. Kaya apemphe, kaya agwade, kaya akulonjezeni galimoto. Mwamva?"

"Tamva, bwana."

"A Dazi, ndikunena inu."

"Ndamva, achemwali. Makutu ndili nawo, ndi tsitsi lokha linandithawa."

Ndinaletsa nyimbo. Chizindikiro sindinachiletse. Sizinandifikire n'komwe m'mutu, monga mmene munthu saganizira zouza phazi lake kuti lisaponde.

Tsiku la ukwati ndinavala diresi lagolide limene linandikwana bwino kalekale, wigi yaitali yofika pamsana, ndi ndolo zazikulu ngati zivundikiro za mabotolo. Holo inali yotentha. Mafani awiri ankazungulira mwaulesi kudenga, nsalu zoyera zitakulungidwa pamipando, keke ili pakona pansi pa kaneti kotchinga ntchentche. Siteji inali ya matabwa, yofika m'chiuno mwa munthu. Patsogolo penipeni panali tebulo la akwati. Mwana wanga anali wokongola moti ndinachita manyazi ndi golide wanga. Pambali pake panakhala bambo ake, atanenepa, ndi akazi awo atavala chipewa chabuluu. Tinapatsana moni ngati anthu okumana pamzere wa kuchipatala.

Nthawi yanga inafika anthu atangolandira chakudya. Aliyense woimba amadziwa kuti imeneyo ndi nthawi ya mdani wako. Woyendetsa mwambo anafuula dzina langa, anthu anakuwa, mafoni anakwera m'mwamba. Kumbuyo munthu wina anayamba kale kukuwa kuti, "Makiyi! Makiyi!" Ndinamwetulira ngati sindinamve, ndipo ndinayamba nyimbo yanga ya mbalame.

Mzere woyamba anamvetsera. Wachiwiri mafoni anayamba kutsika. Pofika pa mvula, mafoloko anali akulira m'mbale. Mzibambo wina patsogolo ankachotsa nyama m'mano ndi ngodya ya khadi la ukwati. Azimayi awiri ankakambirana za nsapato za munthu. Mwana wina analira, ndipo ndinamva anthu akumutembenukira mwachidwi kuposa mmene ankandionera ine. Apongozi aja, amene anauza mtundu wawo wonse za Namakiyi, anali atapinda manja, nkhope ngati agula dzira lowola.

Simungadziwe kuzizira kumeneko ngati simunaimepo pasiteji. Kumayambira kumapazi. Umaona anthu akukuchoka ali pompo, mmodzimmodzi, ndipo thupi limachita zimene linazolowera pofuna kudzipulumutsa. Ndikanatha kunama kuti ndolo inakola tsitsi la wigi, ndipo ndinauzadi anthu ena choncho. Sinakole. Mutu wanga unali pa mbalame, koma dzanja langa, hule lopanda manyazi, linanyamuka lokha n'kukagwira khutu.

A Dazi sanachedwe. Zala zawo zinagwera pa kiyibodi ngati zinkangodikira, wa ng'oma anadzuka kutulo, gitala inalira kulira kuja kumene ngakhale makanda amakudziwa. Holo yonse inaphulika. Mipando inagwa. Apongozi anaponya nsapato kumbali. Mzibambo wa m'mano uja anali kale pakati, khadi lili m'mwamba.

Ndikuuzeni zoona, kwa kanthawi kochepa ndinamva kukoma. Kenako ndinaona mwana wanga. Sanagwedezeke. Anaika foloko pansi, anapukuta pakamwa, n'kuyamba kusonkhanitsa diresi lake m'manja ngati munthu wokonzeka kunyamuka.

Ndinatembenukira kwa a Dazi n'kupukusa mutu. Anandimwetulira n'kupukusa wawo motsatira ng'oma. Ndinakuwa pa maikolofoni kuti, "Basi! Basi!" Anthu anakuwa nawo mokondwa, ankaganiza kuti ndawonjezera zokometsera. Ndiye ndinachita chimene munthu aliyense amachita pofuna kuimitsa chinthu. Ndinakweza manja onse awiri.

Zoimbira zinaleka nthawi yomweyo, monga ndinawaphunzitsira ndekha. Ndipo holo yonse inaimba yokha, bwino, momveka, liwu lililonse loyera ngati lotsukidwa:

*Siya makiyi patebulo,
chitseko ndikhoma ndekha.*

Sindinamvepo kwaya yokoma chotero. Azimayi ankaloza amuna awo, amuna ankaloza anzawo. Bambo a mwana wanga ankayang'anitsitsa mbale yawo ngati muli nkhani za m'nyuzi. Kolasiyo imabwerezedwa kawiri, kenako vesi yachiwiri imalowa. Anthuwa sankandifunanso ine, sankafunanso bandi. Kuzimitsa magetsi sikukanathandiza. Nyimbo ndinaibereka ndine, koma inali itakula, inali ndi miyendo yakeyake. Kolasi yachiwiri inali pakati, ndipo mwana wanga anali ataimirira.

Pa ntchito yanga yonse ndinaonapo chinthu chimodzi chokha chimene chimatseka pakamwa gulu loimba. Ndinayang'ana m'mphepete mwa siteji. Kumanja kunali sipika, yolimba. Kumanzere kunali keke, ndipo ngakhale ine ndili ndi malire. Pakati panali mpata, pafupi ndi mphika wa maluwa apulasitiki. Ndinasankha malowo ngati munthu wosankha tomato. Ndinapuma, ndinatseka maso, ndinaponda mphepo.

Mkazi wa msinkhu wanga sagwa ngati tsamba. Ndinagwa ngati thumba la simenti. Bondo linafika poyamba, kenako chigongono, kenako zonse zotsala. Diresi lagolide linang'ambika kumbuyo ndi mawu amene anamveka mpaka kukhomo. Wigi inapitiriza ulendo payokha, inakatera pansi pa tebulo la akwati. Ndinatsala chigonere, mutu uli pamtunda, imvi zanga zolukidwa mizere itatu zikuonera dziko koyamba.

Holo inati zii. Vesi yachiwiri inafera m'khosi mwa anthu. Ndinamva fani ikulira kudenga, ndipo chinali chinthu chokoma kuposa m'manja monse mmene anthu anandiomberapo. Kenako wina anati, "Mayo, Namakiyi wafa!" ndipo mafoni onse anakweranso m'mwamba. Ndinadziwa pomwepo kuti pofika mawa ndidzakhala wotchuka kuposa kale.

Anandinyamula amuna anayi, mmodzi akudandaula za msana. Anakandigoneka m'kachipinda kosungiramo mipando ndi makireti a zakumwa, pabenchi yonunkha sopo wokolopera. Woyamba kulowa anali mayi wa chipewa chabuluu, mkazi wa mwamuna wanga wakale, atanyamula madzi oundana m'kansalu. Anathamangitsa anthu pakhomo, anagwada, n'kundiika kansaluko pabondo.

"Gwirani apa, mayi mnzanga. Musapinde."

"Zikomo. Pepani ndi nyimbo ija."

"Aa, musavutike. Akandikwiyitsa ndimaimba ndikutsuka mbale. Vesi yanga yokha ndimaidumpha."

Ndinaseka, nthiti zinandikumbutsa kuti nazonso zinagwa nawo. A Dazi anasuzumira pakhomo, thukuta likuyenderera pamutu ponse.

"Achemwali, muli moyo?"

"Ndinati chiyani mu galaja muja, a Dazi?"

"Munati Makiyi kulibe."

"Nanga?"

"Munateronso pa phwando la kampani ya inshuwalansi. Munateronso kwa masisitere kuja. Konseko munagwira khutu, ndinaliza, munandithokoza." Anapukuta dazi ndi chikhatho. "Ine ndinasiya kalekale kumvera pakamwa panu, achemwali. Pakamwa panu pamanama. Khutu lanu silinanamepo."

Ndinafuna chowagenda nacho, koma pafupi panali botolo lodzaza lokha, ndipo linali la eni ake. Anazimiririka okha, chifukwa kumbuyo kwawo kunali kutaima mkwatibwi.

Mayi omupeza anadzuka n'kutuluka mwakachetechete. Mwana wanga anakoka kireti, anakhala, diresi loyera litadzaza theka la chipinda. Anachotsa kansalu pabondo langa n'kulidina ndi chala, mopanda chisoni, ngati wa kuchipatala weniweni.

"Apa?"

"Mayo!"

"Silinathyoke. Pindani pang'ono. Basi." Anabwezera madzi oundana aja. "Anthu akuti munachita chizungulire."

"Kutentha, mwanangu. Mafani awa ndi zokongoletsera chabe."

"Amayi, munthu wa chizungulire sayamba waika maikolofoni pansi bwinobwino."

"Ndi yanga ija. Ukudziwa mmene imavutira kupeza?"

"Munayang'ananso kumanja ndi kumanzere ngati mukuwoloka msewu."

Kunja woyendetsa mwambo ankauza anthu kuti mayi athu ali bwino, ndipo nyimbo ya mtsikana wina wa masiku ano inayamba kulira. Anthu anakuwa mofanana ndendende ndi mmene anandikuwira ine.

"Munagwira khutu," anatero. "Ndinakuonani. Chizindikiro chimenecho ndinachidziwa ndili wamng'ono, ndikukudikirani kuseri kwa siteji."

"Ndinagwira."

"Chifukwa?"

"Munthu wina ankachotsa nyama m'mano."

Ndinayembekezera kuti alira, kapena anene mawu aja anandilonjeza. Pakona pa mlomo wake panagwedezeka, koma anapagwira msanga.

"Kolasi inamveka, amayi."

"Inamveka. Kawiri, kuchotsapo pang'ono."

"Anzanga akuntchito anavina. Abwana anga anakwera pampando."

"Vesi sinamveke," ndinatero. Mawu anga anatuluka aang'ono, osayenera munthu amene anadzazapo mabwalo a mpira.

"Sinamveke." Anawongola diresi lake pamaondo. "Kumene tikukakhalako ndi pamwamba, masitepe ndi ambiri. Ndi bondo ili simukwera msanga, ndipo zili bwino choncho, chifukwa sindikufuna kukuonani mwezi uno. Likapola mubwere. Mubwere nokha. Opanda a Dazi, opanda golide, ndipo mukafika mudzakhale pansi mudzamve mwamuna wanga akulankhula mpaka amalize."

"Amatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Amayi."

"Ndidzamva, ndidzamva."

Anaimirira n'kutambasula dzanja. "Dzukani. Wojambula akudikira chithunzi cha banja."

"Chonchi? Wigi yanga ili kuti?"

"Ana a alamu anga akuthamangitsana nayo panja. Akuti ndi galu."

"Ndiye ndipatse kansalu ndimange kumutu."

"Holo yonse yaona kale, amayi. Mukubisira ndani?"

Anandimanga nsalu ya patebulo m'chiuno kuti atseke pong'ambika paja. Ndinatuluka ndikutsimphina, dzanja limodzi paphewa la mwana wanga, lina pamkono wa mayi wa chipewa chabuluu, amene anali akudikira pakhomo. Panja dzuwa linali likadali lowala, lopanda chifundo, loonetsa imvi iliyonse. Wojambula anali bambo wothamangathamanga, makamera awiri pakhosi, ndipo ankakankha anthu ngati akulongedza katundu. Anaika akwati pakati, anaika bambo a mwana kumbuyo, kenako anatiyang'ana ife awiri, wachipewa ndi wa nsalu ya patebulo. Sanandizindikire ngakhale pang'ono.

"Pepani, amayi a mkwatibwi ndi ati apa?"

"Onse awiri," mwana wanga anayankha. "Otsimphinawo apatseni mpando, angagwenso."